Tsiku Limene Anasesa Nkhalango

Tsiku limenelo kunacha kotentha kale. Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, ndipo phiri linkangooneka mwachimbuuzi chifukwa cha utsi wa m'minda imene anthu ankasosa. Nyenje zinayamba kulira dzuwa lisanapitirire nsonga za nthochi. Kutsidya, ku esiteti ya tiyi, thirakitala inkakwera chitunda ikubuula. Mphepo inkabwera youma, n'kutukula fumbi, n'kungoleka. Kumtsinje kakamira ankalira monga mwa m'mawa uliwonse, kulira kwake kuja kongati kwa khanda limene alisiya lokha m'nyumba.

Kakamira ndi mbalame yaikulu, yakuda kumsana, yoyera kumimba, ya mlomo waukulu wokhala ndi chinthu ngati nyanga pamwamba pake. Amene ankalira m'mawa umenewo anali wamwamuna. Kumene kunali wamkazi, m'mudzi monse ndinkadziwa ndine ndekha.

M'mudzi muno ndine mkamwini. Kwathu ndi cha ku Thuchila, ndipo ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito kunazale ya tiyi. Malemu akazi anga anali ndi munda wotsikira kumtsinje, koma chigawo cha m'mphepete mwa madzi sankachilima. Ankati mtsinje nawo umafuna chofunda. Abale awo ankawaseka, iwo osalabadira, mpaka pamalopo panakula kankhalango: mibawa, mkuyu umodzi waukulu, zitsamba zothinana ndi ziyangoyango zoti munthu ankalowamo chowerama. Atamwalira, akuchikazi anandisudzula monga mwa mwambo, koma mchimwene wawo wamkulu, amene ali mwinimbumba, anati, "Alamu, nyumbayi munamanga nokha. Khalani." Ndinakhala. Komabe pa nkhani ya malo mawu anga ndinkawatsitsa, poti nthakayo si yanga.

Chaka chotsatira ndinalowa m'gulu la anthu ongodzipereka losamalira chilengedwe. Tinkathira dothi m'machubu ofeseramo mitengo, kuthirira mbande, kulambula mizere yotchinga moto m'munsi mwa phiri, ndi kuchotsa makhwekhwe otchera nyama. Mayi wina wa ku Blantyre, amene ankabwera kudzatiphunzitsa za mbalame, anandibwereka magalasi oonera kutali ndi kabuku kolembamo zimene ndaona. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunditchula kuti abusa a mbalame. Sizinkandipweteka.

Mu Okutobala ndinaona kakamira wamwamuna atakakamira pa thunthu la mbawa wakale kwambiri wa m'nkhalangomo, pamwamba ndithu, pamene nthambi yoyamba imapatukira. Anabzikula nkhuyu imodzi n'kuifikitsa pa kamng'alu kakang'ono, ndipo m'kati munatuluka nsonga ya mlomo wina n'kuilandira. Anabzikulanso ina, kenaka ina. Umo ndi mmene mbalamezi zimaswera. Wamkazi amalowa m'mphako, khomo n'kulimata ndi dothi, kungosiya poti mlomo uzidutsa. Ali m'katimo nthenga zake zoulukira zimathothoka. Satuluka mpaka ana atakula, ndipo masiku onsewo amadya zokhazo zimene mwamuna wabweretsa.

Sindinauze munthu aliyense m'mudzi. Ndinkadziuza kuti mbalame yosatha kuthawa ndi ndiwo kale, ndipo nkhani ikangomveka, wina akwera. Zimenezo zinali zoona. Koma panalinso china. Miyezi yomaliza ya akazi anga ndinkawamwetsa phala ndi kasupuni, iwo atangotsegula pakamwa pang'ono. Ndikakhala pansi pa zitsamba zija m'mawa, kuyang'ana nkhuyu zikulowa imodziimodzi pa kamng'alu, sindinkafuna munthu wina pambali panga.

Amene ndinamuuza ndi mayi wa ku Blantyre uja, pa foni. Anasangalala kwambiri, nati abwera ndi anzake awiri kudzaona. Pamsonkhano wa gulu ndinangonena kuti kukubwera alendo odzaona nkhalango ya malemu.

Apampando a gulu lathu ndi mayi wa mawu aakulu, amenenso amatsogolera amayi kumpingo. Anafunsa kuti, "Ndiye tikonzekere bwanji?"

"Madzi akumwa basi," ndinatero.

"Iii, abusa! Anthu achoke ku Blantyre, ife tiwalandire ndi madzi? Mukufuna akatiseke m'tauni monse?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinkaganiza kuti akunena za kalongonda ndi thobwa.

Njira ya kwathu mlendo sangaidziwe, choncho m'mawa wa tsikulo ndinapalasa njinga kupita ku Chitakale kukawachingamira. Ndinaima pafupi ndi siteji, pamthunzi wa golosale. Mayi uja anaimba foni kuti achedwa, anali asanafike n'pa Chonde pomwe. Ndinadikira. Kenaka anatulukira bambo wina wa kabaza wa m'mudzi mwathu, atanyamula mayi ndi mtolo wa nanazi. Atatsitsa, anandiona.

"Abusa a mbalame! Inu muli kuno, tchalitchi chanu anzanu akusesa?"

"Akusesa kuti?"

"Kumtsinje kuja. Gulu lanu lonse lili komweko chim'mawa, zikwakwa zili phwa! phwa! Kwayera ngati pabwalo la sukulu. Alendo anuwo akhoza kulowamo ndi nsapato zoyera."

Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka.

"Mpaka ayatsa ndi moto womwe. Akuti alamu anu aona njoka ikulowa mumtengo waukulu uja."

"Mtengo uti?"

"Mbawa wa mphako patsinde uja. Bwanji kodi, mwatuwa chonchi?"

Ndinangomuuza kuti galimoto yoyera ikaima kufunsa za ine, aitsogolere, ndipo ndinakwera njinga.

Kuchokera ku Chitakale kufika kwathu n'chitunda chokhachokha. Masiku ena ndimatsika malo awiri n'kumakankha. Tsiku limenelo sindinatsike. Ndinadutsa pakati pa minda ya tiyi ndikupemphera chamumtima, mawu ake osalongosoka. Mphako ya patsinde ndinkaidziwa. Sindinkadziwa ngati imakafika m'mwamba, koma mtengowo unali wakale, ndipo ndikaugogoda unkalira ngati ng'oma. Nditakhota pa mlatho wa matabwa ndinaona utsi, woyera, wokhuthala, wa zinthu zaziwisi.

Poyamba sindinapazindikire pamalopo. Kanjira kolowera chowerama kaja kanali msewu woti ngolo n'kudutsa, uku ndi uku atandanda miyala yopaka laimu. Zitsamba zonse zinali pansi, ziyangoyango atazidula n'kuziunjika milumilu. Mitengo ikuluikulu inangoima payokhapayokha, ndipo kuchokera pamene ndinagwetsa njinga ndinkaona madzi a mumtsinje, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Amayi ankasesa akuimba. Mabenchi a kutchalitchi anali atawandandika kale pansi pa mkuyu.

Alamu anali atanjuta patsinde pa mbawa, akukankhira masamba m'mphako ndi ndodo. Ndinakweza maso. Pa kamng'alu kaja, pamwamba, pankatuluka kautsi kopyapyala ngati ulusi.

Zaka zonse zimene ndakhala m'mudzi muno, palibe anandimvapo ndikukuwa. Tsiku limenelo ndinakuwa.

"Zimitsani! Alamu, zimitsani motowo!"

Nyimbo inaduka. Alamu anatembenuka, maso ali psuu ndi utsi. "Aa, alamu, mwatani? Muli njoka umu, yakuda bii, ndaiona ndi maso angawa. Mukufuna ikalume alendo?"

"Muli mbalame m'mwambamo! Inamatidwa, singatuluke!"

"Inamatidwa ndi ndani?"

Ndinalanda khasu kwa mayi amene anali pafupi n'kuyamba kukokera masamba oyaka kunja. Wina anathamanga ndi ndowa n'kukhuthulira madzi m'mphakomo, ndipo ndinamugwira mkono mochedwa. Munamveka kuti tsss, utsi n'kuwirikiza. Kaulusi ka pamwamba kaja kanasanduka chingwe.

"Dothi! Musathire madzi, thirani dothi!"

Anthu amene mphindi yapitayo ankaimba anayamba kukumba ndi manja. Tinatulutsa makala, tinakwirira otsala, tinatseka mphako ndi dothi lonyowa la kumtsinje. Apampando anavula chitenje chapamwamba n'kuchinyika m'madzi, n'kutsekera mipata imene inatsala. Uku tikugwira, ndinawauza mwachidule za wamkazi, za dothi la pakhomo, za nthenga zothothoka. Ndinangomva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Mayo ine."

Utsi wa pamwamba unachepa, koma sunathe.

Amuna awiri anathamangira kutchalitchi kukatenga makwerero. Ine ndinaimba foni kwa mayi wa ku Blantyre. Mawu ankadukaduka. Ndinamufunsa ngati ndiswe dothi lija. Anati ngati wamkazi ali moyo, kuswa khomo n'kumupereka kwa akabawi ndi akhwangwala iye ndi ana ake omwe, ndipo mwamuna akhoza osabweranso. Ndinafunsa kuti nanga ngati akubanika? Anati, "Bambo, inu ndi amene muli pomwepo." Foni inaduka.

Wamwamuna anali mumkuyu. Ankadumpha kuchoka nthambi iyi kupita iyo, akulira, khosi lili lotupa ndi nkhuyu. Kumbawa sankayandikako chifukwa cha anthu. Ndinaganiza kuti amene angatiuze zoona ndi yemweyo: akafika pa kamng'alu, mlomo n'kutuluka, ndiye kuti tisiye zonse mmene zilili.

Makwerero atafika ndinati agonekedwe pansi. Ndinapempha anthu onse kuti abwerere m'mbuyo mpaka kumunda wa nandolo, akhale pansi, asayankhule.

Alamu anandinong'oneza, "Bwanji osangokwera, alamu? Tikuchedwatu."

"Dikirani."

"Utsi sudikira."

"Ndati dikirani."

Anandiyang'ana, mwinimbumba kuuzidwa choncho ndi mkamwini pa nthaka ya makolo ake, koma anakhala pansi.

Tinakhala padzuwa gulu lonse, thukuta likuyenderera. Nyenje zinkangolira. Khanda la mayi wina linayamba kudandaula, iye n'kuliika kubere msanga. Ndinagwira magalasi aja, n'kutsamiza zigongono pa mawondo. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndaiganizira nthawi imeneyo kambirimbiri, ndipo tsiku lina imaoneka yaifupi, tsiku lina yaitali moopsa.

Kenaka wamwamuna anauluka, mapiko akumveka fuu, fuu, n'kutera pa nthambi ya mbawa. Anayang'ana uku ndi uku. Anatsikira pa thunthu, n'kutsamira mchira wake monga ankachitira masiku onse. Anabzikula nkhuyu n'kuifikitsa pa kamng'alu.

Anaigwira pomwepo. Anapendeketsa mutu, n'kuifikitsanso. Nkhuyu inagwa pansi. Anabzikula ina. Ndinamva apampando akunong'ona kuti, "Landira, mwali, landira." Nayonso inagwa.

Ndinaimirira.

Makwerero anali aafupi, ndiye tinamangirira nsungwi ziwiri kumapeto kwake ndi luzi. Amuna ena anati akwere iwo, poti ine ndakula. Ndinakana. Alamu anagwira kunsi, ine n'kukwera. Pamwamba thunthu linali lofunda. Dothi la pakhomo linali lolimba ngati njerwa yootcha, moti ndinachita kuligogoda ndi chigwiriro cha chikwanje kangapo lisanasweke. Litasweka, utsi unandimenya kumaso.

Ndinalowetsa dzanja. Wamkazi anali atatsamira kukhomo, mlomo uli chapafupi ndi kamng'alu. Thupi linali lofunda, koma khosi linali lende. Pansi pake panali ana awiri opanda nthenga, nawonso ali zii.

Ndinatsika naye m'malaya. Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, mapiko ali mbuu, nthenga zatsopano zitangoyamba kumera. Ndinamugoneka pa benchi, chifukwa sindinafune kumuika padothi losesedwalo.

Nthawi yomweyo ndi imene galimoto inafika, bambo wa kabaza ali patsogolo akuliza belu. Amayi awiri amene anatsala kumsewu, osadziwa kanthu, anayambitsa nyimbo yolandirira alendo. Palibe anaipolokoza. Mayi wa ku Blantyre anatsika, anayang'ana miyala ya laimu, milu ya zitsamba, benchi. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Zachitika bwanji?"

Apampando anagwada. "Timafuna mupeze pabwino, amayi. Kwathu kuno mlendo sitimuonetsa tchire."

Mayiyo anatembenukira kwa ine. Ndinavula magalasi m'khosi n'kumupatsa, iye n'kukana kulandira. Chakudya chimene amayi anaphika chinabwerera kunyumba m'mapoto momwe.

Wamwamuna anabwerabe masiku anayi otsatira. Ankafika pa mphako yotsegukayo ndi nkhuyu, n'kusuzumira, n'kulira. Ndinkamumva ndili pakhonde, chifukwa tsopano panalibe zitsamba zotchinga mawu. Tsiku lachisanu sanabwere.

Ndinasiya kupita kunazale ya gulu. Ndikakumana ndi anzanga panjira ndinkapereka moni bwinobwino, osaposa apo. Sindine munthu wofulumira kuweruza, koma ndinapeza kuti mlandu uwu ndinali nditaugamula kale mumtima. Ndinkati anthu amenewa takhala nawo zaka tikudzala mitengo, ndiye tsiku limodzi lokha amalize chimene akazi anga anasunga moyo wawo wonse, chifukwa choopa kusekedwa ndi anthu a m'tauni? Kutchalitchi ndinkapitabe. Alamu amakhala benchi ya patsogolo panga, ndipo ndinkayang'ana kumbuyo kwa khosi lawo. M'pemphero limene timanena tonse pamodzi muli mawu aja a kukhululukira otilakwira, amene ndinayamba kuwadumpha. Ndinkatseka pakamwa mpaka anzanga awadutse. Ndinachita zimenezi masabata atatu.

Mvula yoyamba itagwa, Loweruka lina masana, ndinaona anthu akulowa pabwalo panga atandondozana, osayankhula. Amuna anakhala pansi pa mango, amayi anayala zitenje chapatali, ndendende mmene timakhalira tikapita kukapepesa maliro. Alamu anali ndi tambala m'khwapa. Ndinatulutsa mpando umodzi umene ndili nawo, palibe anaukhalira.

Titapatsana moni, alamu anakonza kukhosi. "Alamu, tabwera. Ine njoka ndapha zambiri moyo wanga, ndipo utsi sunandinamizepo. Ija mpaka lero sindinaione kumene inapita. Ndinapha zina. Pamene munakwera paja, ine ndinkangoona nkhope ya mlongo wanga. Nkhalango ija sindinkaifuna ali moyo, ndinkamunena kuti akuwononga munda. Koma sindinalowemo ndi chikwanje chifukwa cha zimenezo ayi. Mulungu akudziwa." Anaika tambala pansi, miyendo yomanga. "Mwambo wake ndi umenewu. Kaya pa mlandu wa mbalame amaperekanso mbalame, sitikudziwa."

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma apampando anasendera patsogolo. "Ife talakwa, abambo, sitikukana. Chiganizo chosesa chinali changa, ndipo tulo sindikuliona bwino. Koma nanu ndikufunseni. Pakamwapo anakupatsani pa ntchito yanji? Mwezi wathunthu mukudziwa, ife tikuthira nanu machubu limodzi, inu duu. Munauza munthu wa ku Blantyre, ife ayi. Munkationa ngati tonse tili ndi legeni m'thumba eti?"

"Amayi, tabwera kudzapepesa," alamu anatero.

"Ndapepesa kale. Pano ndikufunsa."

Ndinafuna kunena za ndiwo, za anthu okwera mitengo, koma ndinadziwa kuti m'gulu limene linakhala pabwalo pangalo munalibe ngakhale mmodzi amene akanakwera. Akanadziwa, mayi ameneyu akanalondera mtengowo yekha ndi chikuni m'manja. Ndinakumbukanso nthawi ija ndinawakhazika padzuwa, makwerero ali gone pansi, alamu akundiuza kuti utsi sudikira. Thupi lija linali lofunda. Mwina chinali chifundizi cha mtengo, mwina ayi. Palibe anandikumbutsapo zimenezo, ngakhale alamu amene anali ndi ufulu wotero.

"Munafunsa kuti tikonzekere bwanji," ndinatero. "Ndikanakuuzani tsiku lomwelo. Ndinkafuna zikhale zanga ndekha."

Apampando anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Basi. Ndimafuna ndimve zomwezo."

Tambala ndinamumasula miyendo. Alipo mpaka lero, ndipo amandidzutsa mofulumira kuposa mmene ndimafunira.

Madzulo a Loweruka lomwelo, dzuwa likadalipo, ndinatsikira kumtsinje koyamba chichitikire zija. Mvula inali itatsuka laimu pa miyala. Zitsa za zitsamba zinali zitayamba kuphuka timasamba tofiirira, koma pamalopo panali pambalambanda, ndipo pakhala choncho zaka zingapo zisanathinanenso. Akakamira sanabwererenso mumbawa uja. Ndimawamva nthawi zina chakumtunda, kumene mtsinje umatulukira m'phiri, ndipo ndikawamva ndimauza gulu lonse Loweruka pa nazale.

Tsiku lotsatira chipepeso chija linali Lamulungu. Ndinakhala pa benchi yanga, kumbuyo kwa alamu, ndipo pemphero lija ndinalinena lonse. Anthu aja ndinawakhululukira.